Mafunso ndi mayankho: draft ndi kusinthana osewera mu ligi ya basketball ya pakompyuta

Tsambali ndi la eni matimu a m'maligi a basketball a pakompyuta amene amayendetsedwa pa magulu a WhatsApp kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Sizoni ikangotha, mafunso amabwera omwewomwewo: nditenge ndani pa draft, dili iyi ndiivomere kodi, n'chifukwa chiyani kompyuta ikukana. Tawasonkhanitsa pano. Zambiri tazilemba poganizira Basketball GM, chifukwa ndi yaulere ndipo imatseguka ngakhale pa foni wamba, koma mfundo zake zimagwiranso ntchito pa MyNBA ya mu NBA 2K. Pamene pali kusiyana tanena.

Sizoni yatha. Ndiyambire pati?

Ndondomeko yake ndi iyi: maere a draft, draft yeniyeniyo (pamene matimu amasankha motsatana anyamata atsopano olowa mu ligi), kusainanso osewera anu amene makontirakiti awo atha, msika wa osewera opanda timu, kenako preseason (nthawi yokonzekera sizoni yatsopano). Musanayankhe dili ya munthu aliyense, tengani kope, mulembe osewera anu onse, ndipo pambali pa dzina lililonse muike zinthu zitatu: zaka zake, malipiro ake a chaka chamawa, ndi chaka chimene kontirakiti yake ikutha. Ntchitoyi siitenga mphindi 15, koma ndi imene imakuuzani ngati timu yanu ikulimbirana chikho chaka chamawa kapena ikumanga za zaka zitatu zikubwerazo. Sankhanipo chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa: timu yofuna zonse ziwiri imathera pakati pa tebulo chaka ndi chaka, yopanda chikho, yopandanso pick (mpata wosankha pa draft) yapamwamba.

Dziwaninso kuti mu Basketball GM manambala a osewera amasintha polowa mu preseason. Ngati muli ndi wosewera wa zaka 31 amene mukufuna kumugulitsa, nthawi yake ndi draft isanachitike kapena itangotha, nambala yake ikadali ya chaka chatha. Mukadikira, aliyense aona kuti watsika.

Kodi ovr ndi pot zimatanthauza chiyani, ndipo ndikhulupirire iti?

Ovr ndi mlingo wa wosewerayo lero. Pot ndi chiyerekezo cha pamene angafike akakhwima. Mu Basketball GM, wa 45 ndi wa pa benchi, wa 55 ndi woyamba gemu, wa 65 ali m'gulu la akatswiri a ligi, ndipo wa 75 angathe kukhala MVP, wosewera wopambana onse pa sizoni. Mu NBA 2K manambala ndi okwera kwambiri kuposa apa, moti wa 75 kumeneko ndi wosewera wamba, choncho musasakanize miyezo iwiriyi.

Pot si lonjezo. Osewera ambiri safikapo, ena ochepa amaipitirira, ndipo nambalayo imasintha chaka chilichonse. Komanso zimene mukuona pa mnyamata amene sanalowe mu ligi si manambala ake enieni, chifukwa gemu imawasokoneza dala pang'ono kuti draft ikhale ndi chinsinsi. Ndiye anyamata awiri, wina pot 63 wina 61, muwaone ngati ofanana, ndipo muwasiyanitse pa zaka ndi pa maluso awo. Kusiyana kumene kuli ndi tanthauzo ndi kwa mapointi asanu kupita m'mwamba.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi mpata waukulu pakati pa manambala awiriwa. Mnyamata wa ovr 28 ndi pot 66 amaoneka wokongola pa tebulo, koma ayenera kukwera ndi mapointi 38, ndipo chaka chimodzi chokha chikamuvuta pot imagwa mpaka m'ma 50. Wa ovr 44 ndi pot 63 ali kale pa msewu, ndipo ngakhale ataima panjira mudzakhalabe ndi munthu wolowa m'bwalo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Wina ali ndi zaka 19, wina 22, ndipo wa 22 ndiye wabwino lero. Nditenge uti?

Funso loyenera ndi lakuti: wa 19 uja akadzafika zaka 22, adzakhala ataposa pamene mnzakeyu ali lero? Kawirikawiri yankho ndi inde. Mu gemu osewera amakwera msanga asanakwane zaka 22, amakwerabe pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 25, amaima cha m'ma 26 ndi 27, kenako akamayandikira 30 amayamba kutsika. Liwiro ndi kudumpha ndizo zimayamba kutha, pomwe kuponya ndi nzeru za m'bwalo zimakhalitsa. Choncho wa zaka 19 wa ovr 40 ali ndi zaka zitatu zonona zimene wa 22 wa ovr 46 wadya kale.

Wa 22 mutengeni pa zifukwa ziwiri: timu yanu ikulimbirana chikho ndipo ikufuna munthu wa benchi wotsika mtengo nthawi yomweyo, kapena muli kumapeto kwa ndime yoyamba ya draft kumene achichepere otsala onse ndi ongoyesa mwayi. Ku NBA kwenikweni, kuyambira pa draft ya 2006 wosewera ayenera kukhala wokwanitsa zaka 19 m'chaka cha draft, n'chifukwa chake simupeza wa 17 pa mndandanda.

Pa manambala ang'onoang'ono aja, ndiyang'ane ati poyamba?

Yambani ndi zimene sizisintha. Msinkhu sukula kwenikweni, ndiye mnyamata wamfupi adzakhala wamfupi mpaka kupuma. Liwiro ndi kudumpha zimakwera pang'ono chabe. Kuponya, kupatsira, ndi nzeru za kutsogolo ndi za kumbuyo, zimene gemu imalemba kuti oIQ ndi dIQ, ndizo zimakula kwambiri. Ndiye mnyamata wamtali, wothamanga, amene nzeru zake zikadali pansi ali ndi poyambira pabwino kuposa wanzeru kale koma wolemera miyendo.

Yang'ananinso zilembo zazing'ono za pambali pa dzina: 3 ndi woponya patali, B ndi wogwira mpira bwino, Ps ndi wopatsira, R ndi wotola ma rebound (mipira imene yaphonya kulowa mu ring'i), Di ndi wotchinga pansi pa ring'i, Dp ndi wotchinga kunja, A ndi wamphamvu ndi liwiro. Gemu imawonjezera mphamvu kwa osewera asanu amene maluso awo akulumikizana. Timu ya anthu asanu a 58 yokhala ndi oponya patali awiri kapena atatu, wogwira mpira mmodzi ndi wotchinga pansi mmodzi ingathe kugonjetsa timu ya anthu a 61 amene onse amafuna kusewerera pansi pa ring'i.

Ligi yathu imagwiritsa ntchito osewera enieni. Ziwerengero zawo za ku koleji ndiziwerenge bwanji?

Mapointi a pa gemu paokha amanamiza, chifukwa wina amasewera mphindi zambiri ndipo wina amaponya mosasamala. Chitani masamu awiri awa.

Oyamba ndi kuika onse pa mphindi 36. Gawani mapointi ndi mphindi zimene wasewera, muchulukitse ndi 36. Wa mapointi 9 pa mphindi 18 akupereka 18. Wa mapointi 16 pa mphindi 34 akupereka 16.9. Wooneka wochepa uja ndiye ali patsogolo. Chenjezo lake n'lakuti munthu wosewera mphindi zosakwana 15 nthawi zambiri amakumana ndi a pa benchi anzake, ndiye chiwerengero chake muchichotsereko.

Achiwiri ndi TS%, amene amaonetsa kuti mapointiwo awononga mipira ingati. Tengani ma free throw amene anaponya, muchulukitse ndi 0.44, muphatikize ndi mipira yonse imene anaponya m'bwalo, muchulukitse ndi 2, kenako mugawe mapointi ndi yankholo. Wa mapointi 18 pa mipira 14 ndi ma free throw 5 akupeza 55.6 peresenti. Wa mapointi 18 omwewo pa mipira 19 ndi ma free throw 2 akupeza 45.3 peresenti. Wachiwiriyu akudya mipira ya anzake.

Pa nkhani ya kuponya patali, dalirani kwambiri ma free throw. Sizoni ya ku koleji ili ndi magemu opitirira 30 pang'ono chabe, pomwe ya NBA ili ndi 82, ndiye mnyamata angathe kuponya ma three 60 okha chaka chonse, alowe 26, aoneke katswiri chonsecho ndi mwayi. Free throw imaponyedwa pa mtunda umodzimodzi popanda wotchinga, ndiye imaonetsa dzanja lenileni. Wa 85 peresenti pa free throw amene ma three ake ali pa 32 peresenti ndi wodalirika kuposa wa 62 peresenti amene ma three ake ali pa 41. Mzere wa ma three nawo ndi wosiyana: ku koleji ndi m'malamulo a FIBA uli pa mamita 6.75, ku NBA uli pa 7.24.

Kulanda mpira ndi kutchinga mipira yoponyedwa ndi zizindikiro zabwino kwa wachichepere, chifukwa zimaonetsa kuti amaona zinthu zisanachitike.

Pali senta (wosewerera pansi pa ring'i) wamtali kuposa onse. Kodi msinkhu wokhawo si wokwanira?

Ayi. Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wamtali mamita 2.21, anatengedwa wachiwiri ndi Memphis pa draft ya 2009. James Harden anatengedwa wachitatu, Stephen Curry wachisanu ndi chiwiri. Thabeet ankatchinga mipira kwambiri ku koleji, koma ku NBA sanapeze malo okhazikika. Mpira wa masiku ano umakokera senta kunja kuti akatchinge anthu aliwiro, ndipo wolemera miyendo amasanduka khomo lolowera adani. Mu gemu, senta wa msinkhu 80 koma liwiro 20 ndi kupirira 25 adzakupatsani ma rebound ndi mphindi zochepa, basi. Kwa osewera enieni, funsaninso kutalika kwa mikono akaitambasula. Munthu amatchinga ndi manja, osati ndi mutu, ndiye wa mamita 2.01 wa mikono ya 2.15 amagwira ntchito ya munthu wamtali kuposa iye.

Ndili kale ndi point guard (woyendetsa mpira) wabwino, koma wabwino kwambiri amene watsala pa draft ndi point guard. Nditani?

Mutengeni. Mu 1984 Portland inali kale ndi Clyde Drexler, ndipo inkafuna senta, choncho pa nambala 2 inatenga Sam Bowie. Chicago pa nambala 3 inatenga Michael Jordan. Mnyamata wa draft amayamba kuthandiza kwenikweni m'chaka chake chachitatu, ndipo pofika nthawi imeneyo theka la timu yanu lidzakhala litasintha. Mukakhala ndi abwino awiri pa malo amodzi, mmodzi mudzamusinthanitsa pa mtengo wabwino. Kusowa kwa timu kukhale chosiyanitsira pokhapokha anyamata awiriwo ali pa mlingo umodzi. Njira yake ndi kugawa mndandanda wanu m'magulu draft isanayambe: gulu loyamba mwina anthu atatu, lachiwiri asanu ndi mmodzi, lachitatu khumi. Musatsikire ku gulu lapansi lapamwamba lisanathe.

Nanga wovulala?

Zimatengera pamene timu yanu ili. Joel Embiid anatengedwa wachitatu mu 2014, anakhala masizoni awiri athunthu osasewera chifukwa cha phazi, ndipo mu 2023 anakhala MVP. Greg Oden anatengedwa woyamba mu 2007, patsogolo pa Kevin Durant, ndipo maondo sanamulole. Mu gemu kuvulala kwakukulu kungathe kutsitsa liwiro, kudumpha ndi kupirira, ndiye tsegulani tsamba la wosewerayo muyerekeze manambala atatuwa asanavulale ndi atachira. Ngati sanatsike, muguleni pamene mwini wake wataya mtima.

Ma pick a ndime yachiwiri ali ndi phindu lanji?

Ambiri sabala kanthu, koma ndi otsika mtengo, ndipo nthawi zina mumatuluka golide. Nikola Jokić anatengedwa ndi Denver pa nambala 41 mu 2014, ndipo anakhala MVP mu 2021, 2022 ndi 2024. Draymond Green anali wa nambala 35 mu 2012, Manu Ginóbili wa 57 mu 1999. Apa ndiye poyesera mwayi: tengani wachichepere kwambiri amene ali ndi luso limodzi loonekeratu. Malo pa timu ndi 15 okha, ndiye musaunjike ma pick asanu a ndime yachiwiri chaka chimodzi. Awiri akwanira, otsalawo muwasinthe ndi a zaka zam'tsogolo.

Ndalama za ofufuza osewera ndiziwonjezere?

Inde, ngati mukuyembekezera ma pick apamwamba m'zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, chifukwa zimachepetsa kusokonekera kwa manambala kuja. Yambani msanga, osati sabata ya draft. Ndalama za makochi nazo zimathandiza kakulidwe ka achichepere. Timu ya akuluakulu yolimbirana chikho iike zambiri ku zaumoyo.

Maere a draft amayenda bwanji, ndipo tingawachite bwanji poyera?

Pa dongosolo limene NBA inayamba mu 2019, matimu 14 amene sanalowe ma playoff amalowa m'maere a ma pick anayi oyamba. Matimu atatu a kumchira ali ndi mwayi wofanana wa 14 peresenti wopeza nambala 1. Otsala amene sanatuluke m'maere amandandalikidwa kuyambira nambala 5 motsatira kuipa kwa sizoni yawo.

Gemu imachita yokha maerewa, koma woyendetsa ligi ajambule kanema pamene akudina, chifukwa palibe chovuta kubwereza mwakabisira mpaka zotsatira zitamukomera. Ngati mukufuna kuchita pamaso pa anthu, dulani timapepala 200 tofanana. Matimu atatu a kumchira alandire 28 iliyonse, otsatirawo alandire 25, 21, 18, 15, 12, 9, 6, 4, 3, 2 ndi 1. Ikani m'chidebe, musakanize bwino, ndipo atole munthu wopanda timu mu ligi. Dzina loyamba ndi nambala 1. Pitirizani kutola mpaka matimu anayi osiyana atatuluka, dzina likabwereza mungoliika pambali.

Ndiye kuluza dala kuti ndipeze pick yabwino kuli ndi nzeru?

Masamu ake sakukomerani monga mukuganizira. Timu yomaliza pa tebulo ili ndi mwayi wa 14 peresenti wa nambala 1, koma wa pafupifupi 48 peresenti wogwera pa nambala 5. New Orleans inapambana maere a 2019 ili ndi 6 peresenti, Atlanta a 2024 ili ndi 3 peresenti, Dallas a 2025 ili ndi 1.8 peresenti. Mu gemu kuluza kumakhumudwitsanso osewera anu, makamaka okhala ndi chilembo W, amene amafuna kupambana, ndipo nthawi yosainanso amakana kukambirana nanu. Ndalama za pakhomo nazo zimatsika.

Kugulitsa akuluakulu n'kupatsa achichepere mphindi ndi kumanga timu, ndipo n'kololedwa. Kuika wosewera wa 65 wabwinobwino pa benchi kuti muluze ndi kubera anzanu amene akulimbirana malo a ma playoff, ndipo ligi iyenera kukhala ndi chilango cholembedwa, monga kutsitsa pick ya wolakwayo ndi malo asanu.

Munthu wanditumizira dili. Ndiiyeze bwanji?

Pa msika wa Lizulu, wogula mbatatesi wodziwa ntchito sakhulupirira za pamwamba pa ndowa. Amapisa dzanja mpaka pansi, amafunsa tsiku limene zinakumbidwa, ndipo amawerengera za galimoto asanatchule mtengo. Dili ya osewera imafuna zomwezo.

Choyamba, pezani wosewera wabwino kuposa onse mu diliyo. Kawirikawiri amene walandira ameneyo ndiye wapindula, chifukwa m'bwalo mumalowa anthu asanu okha, ndipo pa ma playoff makochi amagwiritsa ntchito anthu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Osewera atatu a 52 safanana ndi mmodzi wa 68, ngakhale kuphatikiza kwa manambala kukunena zina.

Chachiwiri, musayerekeze ovr ya lero yokha. Lembani mmene aliyense adzakhalire m'masizoni atatu akubwerawa. Wa zaka 30 wa ovr 64 mumuwerengere ngati 62, 60, 57. Wa zaka 22 wa ovr 56 mumuwerengere ngati 59, 61, 62. Pofika chaka chachiwiri wamng'onoyo wadutsa.

Chachitatu, ikani malipiro pambali pa manambalawo. Ngati wa 30 uja akulandira madola 35 miliyoni kwa zaka zitatu, pomwe wa 22 akulandira 6 miliyoni kwa zaka ziwiri, kusiyana kwa 29 miliyoni ndi wosewera wina wathunthu amene mungakasaine pa msika. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa dzina lotchuka limawaphimba m'maso. Kontirakiti yoipa ndi ngongole, ndipo amene akukusenzetsani ayenera kuwonjezera pick.

Chachinayi, onani ngati kontirakiti ikutha chaka chamawa, ndipo mutsegule pamene pakuonetsa maganizo a wosewerayo. Ngati mwayi woti asainenso ndi wochepa, mukungobwereka kwa sizoni imodzi, ndiye mulipire mtengo wa kubwereka.

Chomaliza, lembani asanu oyamba gemu dili isanachitike ndi itachitika. Ngati woponya patali wanu yekhayo akuchoka, kapena palibenso wotchinga pansi pa ring'i, timu ingakhale yabwino pa pepala koma yofooka m'bwalo. Ndipo musayankhe usiku womwewo. Dili yabwino idzakhala yabwinobe m'mawa, ndipo munthu wokukakamizani kuti muyankhe m'mphindi khumi ali ndi chimene sakufuna kuti muone.

Ndikufuna katswiri, ndipo mwini wake akufuna ma pick anga a m'tsogolo. Ndipereke angati?

Mu 2013 Brooklyn inatenga Kevin Garnett, Paul Pierce ndi Jason Terry kuchokera ku Boston, onse ali ndi zaka 35 kapena kupitirira, n'kupereka ma pick a ndime yoyamba a 2014, 2016 ndi 2018, komanso ufulu wosinthana malo pa draft ya 2017. Akuluakuluwo sanakhalitse, Brooklyn inagwera kumchira, ndipo phindu la kuluza kwake linkapita ku Boston, imene inapezapo Jaylen Brown mu 2016 ndi Jayson Tatum mu 2017. Awiriwa ndiwo anatsogolera Boston ku chikho cha 2024. Mu 2019 LA Clippers inapereka ku Oklahoma City Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari, ma pick asanu a ndime yoyamba ndi ufulu wosinthana malo kawiri kuti itenge Paul George. Mu 2025 Gilgeous-Alexander anakhala MVP ndipo Oklahoma City inatenga chikho.

Cholakwika chimakhala pa kawerengedwe. Mwini timu amaona pick yake ya zaka zinayi zikubwerazo ngati ya nambala 25, chifukwa lero ali pamwamba. Phatikizani zaka zinayi ku zaka zakubadwa za akatswiri anu atatu. Ngati onse adzakhala atapitirira 33, pick imeneyo ingadzakhale ya m'maere. Mukamagula ma pick a ena chitaninso chomwecho: funani a kutali a timu ya okalamba, osati a chaka chino a timu yolimba.

Dzitetezeni m'njira ziwiri. Yoyamba ndi lamulo la Stepien, lotchedwa ndi dzina la Ted Stepien, mwini wa Cleveland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: timu isakhale yopanda pick ya ndime yoyamba zaka ziwiri zotsatizana za m'tsogolo. Ligi iliyonse ilembe lamuloli, chifukwa mwini timu akagulitsa zonse n'kutuluka pa gulu, palibe amene amafuna kulowa m'malo mwake. Yachiwiri ndi kuika malire pa pick, mwachitsanzo: ikagwera pa 1 mpaka 4 ikhala yanu. Lembani zimene zidzachitike ikatsala kwa inu, kaya ipita ya chaka chotsatira kapena isanduka ma pick awiri a ndime yachiwiri. Mzere umenewu ukaiwalika, mkangano wake umadzabuka patapita masizoni awiri, aliyense akukumbukira zake. Woyendetsa ligi asunge zonsezi m'kope limodzi, poti gemu siisunga mapangano onse a pakamwa.

N'chifukwa chiyani gemu ikuti malipiro sakugwirizana?

Timu ikakhala kuti ipitirira cap (malire a malipiro onse a timu) dili ikachitika, malipiro amene ikulandira sayenera kupitirira 125 peresenti ya amene ikutulutsa. Limeneli ndilo lamulo limene Basketball GM imayambira nalo. Mukatulutsa wa madola 12 miliyoni, mungalandire mpaka 15 miliyoni. Mukafuna wa 30 miliyoni, tulutsani osachepera 24 miliyoni. Ma pick sawerengedwa pa masamuwa. N'chifukwa chake wosewera wamba wa malipiro apakati amene kontirakiti yake ikutha ndi wofunika kumusunga: ndiye wodzazira dili.

Mukapitirira cap mungathebe kusainanso osewera anu, monga mmene ufulu wotchedwa ndi dzina la Larry Bird umagwirira ntchito ku NBA, koma ochokera kunja mungawatenge pa malipiro otsikitsitsa okha. Ndiye musalole wosewera wanu wabwino kuchoka ulele poganiza kuti ndalama zake mukagulira wina. Ngati mukadali pamwamba pa cap iye atachoka, ndalamazo palibe. Wowala pa gemu imodzi yokha musamulipire: mukamuchotsa pa timu, malipiro ake amawerengedwabe mpaka kontirakiti itatha.

Timu yoyendetsedwa ndi kompyuta ikukana chilichonse. Nditani?

Onani kaye ngati yalembedwa kuti ikulimbirana chikho kapena ikumanga. Yomanga imafuna achichepere ndi ma pick, yolimbirana imafuna ovr ya lero. Pali batani lofunsa chimene chingapangitse kuti dili itheke, ndipo mungaikenso wosewera pa trading block (mndandanda wa osewera amene mukufuna kusinthanitsa) kuti matimu onse atchule zawo. Wosewera wongosainidwa kumene sasinthanitsidwa mpaka patapita magemu angapo. Kompyuta ndi yosavuta kuinyenga mukaizolowera, choncho ligi iike malire, monga madili awiri pa sizoni ndi matimu opanda mwini.

Kukwera kapena kutsika pa draft, chabwino n'chiti?

Zimatengera magulu anu aja. Ngati gulu loyamba lili ndi anthu atatu ndipo muli pa nambala 5, kukwera kuli ndi phindu. Dallas inachita zimenezi mu 2018: inapereka nambala 5, amene anali Trae Young, ndi pick ya 2019 kuti itenge Luka Dončić pa nambala 3. Ngati muli pa nambala 1 ndipo amene mukumufuna adzakhalapobe pa 3, tsikani mulandire chowonjezera, monga inachitira Boston mu 2017. Kukwera malo awiri m'kati mwa gulu limodzi ndi kutaya pick pachabe.

Anthu awiri apachibale apanga dili yokondera. Tingaikane?

Dili iliyonse ilengezedwe pa gulu ndipo idikire maola 24. Komiti ya anthu atatu amene sakukhudzidwa ndiyo iweruze, osati voti ya gulu lonse, chifukwa pa voti aliyense amakana dili yolimbitsa mdani wake. Komiti ifunse mbali zonse funso limodzi: diliyi ikuthandiza bwanji timu yanu? Ngati yankho lili ndi mutu, dili idutse ngakhale inu simukadaipanga. Chokanidwa ndi chinyengo: kubwerekana wosewera wa ma playoff, kukhuthulira timu kwa mchimwene wako usanachoke pa gulu, kapena kulipirana mayunitsi ndi ndalama za pa foni kumbali. Watsopano asapange dili yokhudza pick ya ndime yoyamba popanda wa komiti kuiona, mpaka atamaliza sizoni imodzi.

Tsiku la draft, ena amasowa pa intaneti. Tizitani?

Draft ya NBA imachitika kumapeto kwa June, ndipo imayamba cha m'ma 2 koloko usiku nthawi ya kuno, m'kati mwa chisanu cha ku Dedza. Yanu musaiike pa ola limodzi chotero. Perekani maola 6 pa pick iliyonse ya ndime yoyamba ndi maola 3 pa yachiwiri, ndipo wotchi iziima kuyambira 9 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Amene amakhala m'mbali mwa malire, monga ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Biriwiri, akudziwa kuti foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique uthenga n'kuchedwa. Choncho aliyense atumiziretu mndandanda wa mayina kwa munthu wa komiti amene ali patsogolo pake pa draft kapena amene alibe pick pafupi. Wa nambala 8 atumize mayina asanu ndi atatu. Nthawi ikatha popanda mndandanda, apatsidwe wa pamwamba pa tebulo la gemu, ndipo zisabwezedwe.

Woyendetsa ligi akumbukire kuti Basketball GM imasunga ligi m'kati mwa chipangizo chimene akugwiritsa ntchito, ndipo akafufuta zosungidwa za Chrome pofuna kupeza malo pa foni, ligi yonse imapita. Atulutse fayilo kudzera pa Export League kanayi: maere asanachitike, draft itatha, msika usanatsegulidwe, ndi preseason isanayambe. Fayilo iliyonse ikhale ndi chaka ndi gawo m'dzina lake, ndipo itumizidwe kwa anthu awiri a komiti tsiku lomwelo, magetsi asanathime ndi laputopu isanathe moto.